Jazz inachokera kuti, ndipo kunyanja kuno ikulowera kuti?

Mukafunsa anthu pa msika wa Nkhotakota kuti jazz n'chiyani, mayankho amabwera awiri. Achinyamata amati ndi nyimbo zopanda mawu zija zimalira pansipansi m'mahotela a ku Senga Bay mabwana akamadya chambo. Akuluakulu amene anakula ndi wailesi imodzi ya MBC amati ayi, jazz ndi mabandi a banjo aja, monga Alan Namoko ndi Chimvu Jazz, oimba za ana amasiye ndi za mavuto a m'banja. Onsewa sakunama. Koma yankho loyambalo ndi limene likufala, ndipo likutibera chinthu chathu. Likuchititsa mwana wa ku Linga kapena wa ku Khombedza kuganiza kuti kaimbidwe kameneka ndi ka anthu a ndalama, pamene kanabadwira kwa amphawi, ndipo agogo ake omwe anakaimbapo ndi manja awo.

Jazz inabadwira mumzinda wa New Orleans, m'chigawo cha Louisiana ku America, pafupi ndi pamene mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja ya mchere. Unali mzinda wa doko, wodzaza mitundu: Afalansa, Asipanishi, anthu a ku zilumba za Caribbean, ndiponso akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo. M'madera ambiri a America eni akapolo ankaletsa ng'oma poopa kuti anthuwo aziitanirana nazo kuti aukire. Ku New Orleans kunali kosiyanako. Lamulungu akapolo ankaloledwa kusonkhana pa bwalo lotchedwa Congo Square, kugulitsa timalonda tawo, kuomba ng'oma ndi kuvina magule akwawo. Ukapolo utathetsedwa mu 1865, ana a anthu amenewa anatola malipenga ndi ng'oma za mtundu wa mabandi a asilikali n'kuyamba kuziimba mwa njira yawoyawo. Anathiramo nyimbo za kutchalitchi, nyimbo zogwirira ntchito m'minda, blues, ndi ragtime ya pa piyano. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kaimbidwe katsopano kanali katamera.

Ntchito imodzi yaikulu ya mabandi amenewa inali pa maliro. Popita kumanda bandi inkaimba nyimbo ya Mulungu mwapang'onopang'ono, anthu akuyenda mozyolika. Akaika malirowo, pobwerera ng'oma inkasintha, malipenga n'kukwera, khamu lonse n'kumavina mumsewu. Mwambowu ulipobe mpaka lero. Munthu wakwathu kuno, amene anachezerapo usiku wonse pa siwa makwaya akulandizana nyimbo mpaka mbandakucha, sangadabwe nazo. Amadziwa kale kuti nyimbo ndi imene imanyamula mudzi chisoni chikaulemera.

Mbale yoyamba ya jazz inajambulidwa mu 1917, ndipo oimba ake anali azungu a Original Dixieland Jass Band. Eni kaimbidweko anadikira kaye asanapatsidwe mpata wofanana m'masitudiyo. Amene anadzasintha zonse ndi Louis Armstrong, wobadwa mu 1901 mu umphawi wadzaoneni. Lipenga analiphunzira bwino ali kunyumba yosungirako ana opulupudza, kumene anamutsekera atawombera mfuti m'mwamba pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Iyeyu ndiye anaonetsa dziko kuti munthu mmodzi angathe kuimirira pakati pa bandi n'kupeka nyimbo pomwepo, anthu akuonerera, ndipo zopekazo n'kukhala zokoma kuposa zolembedwa.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo amene amati jazz ndi phokoso losokonekera amakhala kuti sanauzidwe mmene imayendera. Oimba amayamba onse pamodzi ndi nyimbo imene akuidziwa, imene tingaitche mutu wa nkhani. Pansi pa mutuwo pali makodi, magulu a mawu omenyedwa pamodzi pa piyano kapena gitala, oyenda mozungulira: akafika kumapeto amabwerera poyambira, osaduka. Mutu ukatha, makodiwo amapitirirabe kuzungulira, ndipo woimba mmodzi, tinene wa sakisofoni, amatenga mpata n'kumapeka mawu akeake pamwamba pake. Akamaliza amasiyira wa piyano, wa piyano asiyira wa besi, kenako wa ng'oma, pomaliza onse abwerera ku mutu uja. Zili ngati pa bwalo la amfumu: mlandu ndi umodzi, aliyense amaudziwa, koma nduna iliyonse imalankhulapo mwa nzeru zake, ikuyankha zimene mnzake wangonena kumene, ndipo yolankhula zosagwirizana ndi mlanduwo anthu amaizindikira msanga. Choncho woimba jazz samangophunzira zala. Amaphunzira kumvetsera. Wa ng'oma akamva kuti wa lipenga wabwereza kachidutswa kena kawiri, amakayankha pa ng'oma, wa lipenga n'kukatenganso atakapotoza. Nyimbo yomweyo akaiimba mawa situluka chimodzimodzi.

Blues, imene ili msana wa zonsezi, ili ndi dongosolo losavuta kumva. Woimba amatchula dandaulo lake mu mzere umodzi, amaubwereza, ndipo mzere wachitatu umayankha. Mawu ena amawatsitsa pang'ono, osafika pamene piyano imawaika, kotero kuti amamveka ngati munthu akubuula. Kuitana ndi kuvomera kotereku timakumva m'mawa uliwonse pa gombe anyamata akamakoka khoka, timakumvanso amayi akamavina chiwoda.

Kuchokera ku New Orleans jazz inakwera ndi anthu akuda osamukira ku Chicago ndi New York. Duke Ellington anailembera mabandi akuluakulu. M'zaka za m'ma 1940 Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie anaifulumizitsa n'kuilimbitsa, ikhale yomvetsera osati yongovinira, ndipo kaimbidwe kawoko kanatchedwa bebop. Miles Davis ndi John Coltrane anadzaitengera kwina. Inalinso pakamwa pa anthu oponderezedwa: mu 1939 Billie Holiday anajambula nyimbo yonena za anthu akuda amene ankaphedwa n'kupachikidwa m'mitengo kummwera kwa America, pa nthawi imene kunena zimenezo poyera kunali kuika moyo pachiswe.

Ife a ku Nkhotakota tikamva za akapolo mtima umathamangira ku mkuyu uja umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, m'zaka za m'ma 1860. Tisasakanize mbiri ziwirizi. Anthu amene ankaoloka nyanja yathu m'zombo za Jumbe ankayendetsedwa cha kummawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, osati ku New Orleans. America inaletsa kuitanitsa akapolo kunja mu 1808, Jumbe woyamba asanakhazikike kuno, ndipo ambiri mwa amene anafika ku Louisiana anachokera kumadzulo kwa Africa ndi dera la Congo ndi Angola. Sitinganene kuti jazz inanyamuka pa doko la Linga. Chimene tinganene n'chakuti mudzi umene unaona anthu akugulitsidwa ngati mbuzi uyenera kukhala woyamba kumvetsa nyimbo zimene zidzukulu za anthu ogulitsidwa zinapeka.

Ubale wathu weniweni ndi jazz uli pena, ndipo ine ndimauona pa bwalo la mganda. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918, amuna amene anatumikira mu King's African Rifles kapena kunyamula katundu wa nkhondo anabwera ataona perete ndi mabandi a malipenga. Malipenga achitsulo analibe. Anatenga zikho zazitali, n'kuboola, pabowo n'kumatapo kansalu kopyapyala kamene kangaude amatchinjirizira mazira ake. Masiku ano ambiri amamatapo kapulasitiki ka jumbo. Munthu sachiuzira chikhocho ngati lipenga lenileni, amaimbiramo ndi kukhosi, ndipo kansaluko kamanjenjemera n'kutulutsa liwu lonzuna, lokhuthala. Zikho zing'onozing'ono zimatenga mawu apamwamba, zikuluzikulu zimagunda pansi. Kutsogolo ng'oma yaikulu ikugunda, amuna ali m'mizere, malaya oyera owachita kusita, nsapato zopukuta, boma lina, ndiye kuti gulu lina la ovina, likudikira kuti lilowe lidzaonetse kuti laposa anzake. Kwa Atonga a kumpoto kwa boma lathu ndi ku Nkhata Bay guleyu ndi malipenga, kwa Ayao a ku Salima ndi Mangochi kuli beni. Mganda si jazz, ndipo sindikufuna kuupatsa dzina la eni. Koma nzeru yake ndi yomweyo imene inagwira ntchito ku New Orleans pafupifupi nthawi imodzimodzi: kutenga bandi ya msilikali wachizungu, yoimbidwa mowuma anthu ataima njo, n'kuiphunzitsa kuvina.

Jazz yeniyeniyo inatipeza kudzera kummwera. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena ankayenda okha ulendo wa selefu kupita ku Salisbury (Harare ya lero) ndi Bulawayo. Njanji itafika ku Salima mu 1935, ulendowo unafupikirako kwa anthu a kunyanja. M'makomboni a Johannesburg anapeza marabi, nyimbo za m'mashabini zozungulira pa makodi atatu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anapeza kwela, imene tianyamata tinkaimba m'misewu ndi zitoliro zachitsulo zotchipa potsanzira mabandi a ku America amene tinkawaona m'kanema. Obwerera kumudzi ankafika ndi sutikesi, njinga, galamafoni yopukusa ndi mbale zake, ena gitala kapena banjo. Kulemba anthu kwa Wenela kunaimitsidwa ndi Kamuzu Banda mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankachokera ku migodi, koma pofika nthawiyo nyimbozo zinali zitakhazikika kale m'midzi.

Ndipo sikuti katundu ankangoyenda njira imodzi. Skokiaan, nyimbo imene August Musarurwa anapeka ku Bulawayo, inaoloka nyanja mpaka Armstrong mwiniwake anaijambula mu 1954. Patapita zaka ziwiri Armstrong anafika ku Ghana, ndipo mu 1960 anayendera maiko angapo a mu Africa. Ku South Africa, Hugh Masekela, Abdullah Ibrahim, Jonas Gwangwa ndi Kippie Moeketsi anali limodzi mu Jazz Epistles, bandi imene inabalalika boma la tsankho litaumitsa zinthu pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ku Sharpeville mu 1960. Ambiri a iwo anakakhala kunja zaka makumi, akulimbana ndi tsankholo ndi nyimbo.

Kwathu kuno kwela inapeza eni ake mwa Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka, amene anakhalako ku Salisbury ali ana. Donald ankalowetsa chitoliro mkamwa mopendeketsa, chakutsaya, kuti athe kupinda mawu monga amachitira wa sakisofoni. Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, anawapeza akuimba ku Blantyre mu 1967, ndipo kuchokera apo nyimbo zawo zinakafika ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Ku South Africa komwe kwela inazilala, koma ku Chileka inakhalabe moyo. N'zomvetsa chisoni kuti ophunzira a nyimbo ku Vienna akhoza kudziwa zambiri za abale awiriwa kuposa mwana wa sekondale ku Salima.

Kenako panabwera mabandi a m'midzi amene ankadzitcha okha kuti ndi a jazz, ambiri otenga dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo. Zida zawo n'zoyenera kuziyang'anitsitsa. Banjo ya chigubu cha mafuta kapena ya chikopa cha mbuzi, nsambo zake zosomola ku waya wa buleki ya njinga. Tizitsekerero ta mabotolo totunga pa waya kuti tizichita tsetsetse. Ndipo babatoni, mtengo wautali wolowetsa m'bokosi lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, nsambo yake ya waya wa m'tayala. Woimba amaikhalira, dzanja lina likumenya nsamboyo ndi kamtengo, lina likutsetsereza botolo kuti liwu likwere kapena litsike, chidendene chikugunda chikopacho ngati ng'oma. Munthu mmodzi, ntchito ya anthu awiri. Namoko, wakhungu wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995, anatuluka m'dziko limeneli la mabanjo. Katswiri wa ku New York atamva akhoza kunena kuti iyi si jazz, chifukwa makodi ake ndi ochepa ndipo kupekerapo kwake n'kwakufupi. Ine ndingamuyankhe kuti amve mmene banjo imayankhira liwu la woimba, amve kubuula kwa botolo pa waya, kenako akamvenso blues yakale ya ku Mississippi.

Mbali inayo, ya zida zamagetsi ndi makodi ambiri, nayonso tili nayo anthu. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anaika Chitumbuka ndi ng'oma zakumpoto m'kati mwa jazz popanda kuchepetsa chilichonse mwa ziwirizo, ndipo chimbale chake cha Zani Muwone cha mu 2002 chinamveka mpaka kunja. Erik Paliani, mnyamata wa gitala wa konkuno, ndiye anakonza chimbale cha Phola cha Hugh Masekela. Ray Phiri wa bandi ya Stimela ya ku South Africa anali mwana wa bambo wochokera ku Malawi. Tikamati jazz ndi ya eni, anthu awa tikuwaika kuti?

Phindu la kaimbidwe kameneka ena amaliyeza ndi ulemu umene kalandira. Nyumba ya malamulo ya America inalengeza mu 1987 kuti jazz ndi chuma cha dziko lawo, ndipo mu 2011 bungwe la UNESCO linasankha 30 April kukhala tsiku loikumbukira pa dziko lonse. Zimenezo n'zabwino, koma kwa ine phindu lalikulu lili pa zimene imachita kwa woimba. Mnyamata amene wazolowera kupeka pamwamba pa makodi angathe kulowa m'kwaya, m'bandi ya ukwati, mu situdiyo ya nyimbo zauzimu kapena za achinyamata, n'kugwira nyimbo imene sanaimvepo. Oimba zida ambiri amene amaperekeza akatswiri athu otchuka pa nsanja anakhwimira m'maphunziro oterewa, ngakhale maina awo salembedwa pa chikwangwani. Ndiponso jazz imafuna anthu anayi kapena asanu akhale m'chipinda chimodzi, aliyense apatse mnzake mpata. Dziko likataya chizolowezi chimenecho, limatsala ndi oimba pakamwa ambiri koma opanda owaimbira.

Nkhawa yanga ili pomwepo. Lero nyimbo yonse ikhoza kutuluka m'kompyuta imodzi, ndipo mwini ukwati amaona kuti kulipira DJ n'kotchipa kuposa kudyetsa ndi kunyamula bandi. Sindikudana ndi kompyuta. Yathandiza ana ambiri amene sakanaponda mu situdiyo. Koma siphunzitsa kuyankhana. Sakisofoni ndi yodula, ndipo kabango kake kakang'ono ka pakamwa kakang'ambika, pano pa boma simungakapeze. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma sukulu zambiri zilibe ngakhale gitala imodzi. Amene akufuna kuphunzira mozama amayenera kupita ku Music Crossroads ku Lilongwe kapena ku University of Malawi ku Zomba, apo ayi alowe bandi ya asilikali kapena ya apolisi, kumene malipenga achitsulo akadalipo. Anthu a ku Salima amawamva malipenga amenewa pa perete ya ku sukulu ya asilikali ya MAFCO, koma mwana wamba sawagwira.

Za ndalama nazo n'zowawa. Bungwe loteteza umwini wa nyimbo la COSOMA lilipo kuyambira mu 1992 kuti oimba azilandira kanthu nyimbo zawo zikagwiritsidwa ntchito, koma nyimbo zambiri kuno zimayenda pa memori khadi, zokopedwa pa msika, ndipo woimba zida amene sanalembetse nyimbo m'dzina lake amangolandira ya tsiku lomwelo. Zikondwerero zikuluzikulu zimabwera pakhomo pathu penipeni. Sand Music Festival yachitikira ku Senga Bay zaka zambiri, ndipo Lake of Stars, imene inayambira ku Chintheche mu 2004, yafikapo ku Salima ndi ku Nkhotakota komwe. Zimabweretsa alendo ndi malonda, koma ndi za masiku atatu pa chaka, ndipo mtengo wa pakhomo si wa msodzi. Woimba sakhwima ndi masiku atatu. Amakhwima ndi malo amene angaimbepo sabata ndi sabata, n'kulakwitsa, n'kukonza.

Komabe amene amati jazz ikufa sakuyang'ana bwino. Mu 2023 Ezra Collective, achinyamata a ku London osakaniza jazz ndi afrobeat, anakhala bandi ya jazz yoyamba kupata mphoto ya nyimbo ya ku Britain ya Mercury Prize, ndipo chaka chomwecho Samara Joy, mtsikana woimba jazz, analandira Grammy ya woimba watsopano wopambana. Nduduzo Makhathini wa ku South Africa akutulutsa zimbale ku Blue Note, kampani yakale ya jazz ku America, akuimba zochokera m'miyambo ya Chizulu. Ambiri mwa amene akukwera lero akukwera atanyamula za kwawo. Ifenso umboni tili nawo: Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala, akuzungulira Ulaya, ndipo agogo a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anagwedeza TikTok ali ndi zaka zoposa 90 ataimba limodzi ndi Patience Namadingo. Achinyamata sanakane nyimbo zakale. Ankangosowa wowapatsa.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kuwapatsa. Hugh Tracey, katswiri wosonkhanitsa nyimbo za mu Africa, anajambula nyimbo zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University ku South Africa. MBC nayo ili ndi matepi a mabandi amene ankabwera kudzajambula ku Blantyre. Mawailesi a m'madera, amene amamveka m'midzi ya Nkhotakota ndi Salima usana ndi usiku, atapatula ola limodzi pa sabata n'kuika Kachamba pambali pa Armstrong, Namoko pambali pa blues ya ku Mississippi, Wambali pambali pa Masekela, wina n'kumafotokoza m'Chichewa chimene chikuchitika m'nyimbomo, makutu a anthu angatseguke msanga.

Yachiwiri ndi kukumanitsa oimba amene tili nawo kale, omwe sadziwana. Pafupifupi tchalitchi chilichonse cha pa boma chili ndi mnyamata wa kiyibodi wodziwa makodi. Mudzi uliwonse wa mganda uli ndi mkulu wodziwa kugawa mawu a zikho. Pa malo okwerera basi pamapezeka wa banjo. Pa 30 April mvula imakhala ikutha, mpunga ukucha, mabwalo akuyamba kuuma. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi ingakwane, ndipo zikho, banjo ndi babatoni sizidikira magetsi. Wa kiyibodi aphunzire nyimbo imodzi ya boma la mganda, aipezere makodi, ng'oma yaikulu igwire pansi, ndipo wa banjo apatsidwe mpata wake wopekerapo asanabweze nyimbo kwa a zikho.